Kodi Myuda wa ku New York amanyadira chani kwenikweni?

Ambirife tikangomva zoti Ayuda mutu umathamangira kuwiri, kaya ku Baibulo, Afarisi ndi Asaduki aja timawamva pa guwa, kaya ku Israel ya pa nyuzi, asilikali, mabomba, Netanyahu akuyankhula. Basi. Koma taonani kaye manambala. Ayuda dziko lonse lapansi alipo pafupifupi 15.7 miliyoni, okhala ku Israel ndi 7 miliyoni ndi kakuti, nde kuti oposa theka ali kunja. America yokha ili ndi pakati pa 6 miliyoni ndi 7.5 miliyoni, kusiyanaku kumabwera chifukwa owerengawo samagwirizana kuti Myuda ndi ndani. France ili ndi cha m'ma 440,000, Canada cha m'ma 400,000, UK cha m'ma 300,000, South Africa pompapa cha m'ma 50,000.

Ambiri mwa anthu amenewa Chiheberi samachitha, kupatula timawu ta m'mapemphero. Pulani yosamukira ku Israel alibe. Ena nkhumba amadya bwinobwino, ena za Mulungu anazisiya kalekale. Koma mu 2013 bungwe lochita kafukufuku la Pew Research Center litafunsa Ayuda a ku America, 94 pa 100 aliwonse anati amanyadira kukhala Ayuda. Nambala yokwera chonchi, kwa anthu oti pa china chilichonse samamvana. Nde akunyadira chani? Ine mmene ndimaionera nkhaniyi, kunyadaku kunamangidwa pa mkangano, wakale kwambiri, wa mafunso awiri: kwathu nkuti, komanso tizidzionetsa mpaka pati pamaso pa anthu amene tikukhala nawo.

Poyambira mukupadziwa kale ngati munapitako ku Sande sukulu. Cha m'ma 586 BC Nebukadinezara anagwetsa Yerusalemu, kuotcha kachisi, kutenga anthu kupita nawo ku Babulo. Za ukapolo umenewo Baibulo lili ndi mawu awiri osiyana. Salimo 137 ndi la anthu akulira m'mbali mwa mitsinje, azeze apachika m'mitengo, akuti nyimbo ya Yehova tingaiimbe bwanji m'dziko lachilendo. Koma Yeremiya 29 ndi kalata yopita kwa akapolo a ku Babulo komweko ndipo ikuti mangani nyumba mukhalemo, limani minda, kwatirani, kwatitsani ana anu, mufunire mtendere mzinda umene mulimo chifukwa mtendere wake ndi wanunso. Vesi 11 ya chaputala chimenechi ndi ija anthu amakonda kuika pa status ya WhatsApp, koma 5 mpaka 7 timangoidumpha, chonsecho ndi imene inasunga mtundu. Koresi atalola kuti abwerere cha m'ma 538 BC ambiri sanabwerere, anali atakhazikika zinthu zikuyenda. Ayuda anakhalabe ku Babulo komweko, Iraq ya lero, kuchokera nthawi imeneyo mpaka 1950 ndi 1951 pomwe pafupifupi 120,000 ananyamulidwa pa ndege kupita ku Israel. Zaka 2,500 pamalo amodzi, ameneyo unganene kuti ndi mlendo?

Komanso tisaganize kuti onse anachita kuthamangitsidwa. Nthawi ya Yesu Ayuda anali atadzaza kale ku Alexandria, ku Roma, ku Antiokeya, ena anapita okha pa bizinesi. Nchifukwa chake Paulo m'buku la Machitidwe akangofika mumzinda, kaya Tesalonika kaya Korinto, amayamba wapeza sunagoge. A ku Alexandria anafika pomasulira malemba m'Chigiriki chifukwa ana Chiheberi sankachimvanso, vuto lomwe lilipo mpaka lero.

Chimene chinasintha zonse ndi 70 AD, Aroma motsogozedwa ndi Tito atagwetsa kachisi wachiwiri. Ku Roma mpaka pano kuli chipilala cha Tito, pamwala anajambulapo asilikali atasenza choikapo nyale cha m'kachisi. Tangoganizani, chipembedzo chonse chinali pa nsembe, nsembe zinali pa guwa limodzi, guwalo kulibenso. Mitundu yambiri ikanathera pomwepo. Koma arabi, aphunzitsi a chipembedzo chachiyuda, oyamba anasonkhana m'katawuni kotchedwa Yavneh, anachipanga chipembedzocho kukhala chonyamulika. M'malo mwa nsembe pemphero, m'malo mwa wansembe mphunzitsi, m'malo mwa kachisi amuna khumi ndi mpukutu wa Torah, mabuku asanu a Mose, kulikonse, olo m'chipinda cha renti. Malamulo a pakamwa analembedwa cha m'ma 200 AD, kenako kunabwera Talmud, ndipo yaikulu imene amaidalira kwambiri inalembedwera ku Babulo, kunja, osati ku Yerusalemu. Talmud yakeyo ndi masamba 2,711 a arabi akutsutsana, uyu akuti chakuti uyu akuti ayi, ndipo maganizo a wogonja amalembedwanso. Pali dongosolo lowerenga tsamba limodzi pa tsiku lomwe linayamba mu 1923, limatenga zaka 7 ndi theka, ndipo atamaliza pa 1 January 2020 anthu pafupifupi 90,000 anadzaza sitediyamu ya MetLife ku New Jersey kukondwerera kumaliza buku. Sitediyamu ya mpira, chifukwa cha buku.

Koma Chiyuda chambiri chimachitikira pa tebulo la kunyumba. Lachisanu dzuwa likangotsala pang'ono kulowa mayi amayatsa makandulo awiri, kuphimba maso ndi manja, kunena dalitso. Pa tebulo pamakhala kapu ya vinyo ndi mikate iwiri yolukidwa ngati tsitsi, amaitcha challah, itaphimbidwa ndi kansalu. Makolo amaika manja pamutu pa ana kuwadalitsa mmodzimmodzi. Kwa osunga malamulo kwambiri, kuyambira pamenepo foni ayi, galimoto ayi, olo kudina switch ya magetsi ayi, mpaka Loweruka usiku nyenyezi zitatu zioneke.

Nde pali Pasika. Usiku umenewo banja lonse limakhala pansi, pa mbale pali ndiwo zowawa, fupa, dzira, ndi phala la maapozi kapena zipatso zina ndi mtedza loimira dothi lomwe ankaumbira njerwa ku Iguputo, pambali madzi a mchere oimira misozi ndi mkate wopanda chotupitsa, wouma ngati bisiketi. Mwana wamng'ono pa onse ndi amene amayambitsa, amaimirira nkufunsa kuti usiku uno ukusiyana bwanji ndi masiku ena onse, akuluakulu nkumayankha ndi nkhani ya kutuluka mu ukapolo, ndipo samati makolo athu okha ayi, amati ife tinali akapolo. Potchula miliri khumi aliyense amadonthetsa vinyo wa m'kapu mwake, dontho limodzi pa mliri uliwonse, ambiri amafotokoza kuti chimwemwe chako sichingakhale chodzaza pomwe ena anafa. Kachidutswa ka mkate kamabisidwa kuti ana akasake asagone. Pomaliza onse amati chaka chamawa ku Yerusalemu, nkudzuka kutsuka mbale, mawa lake ku ntchito ku New York komweko, tikiti ya ndege palibe wagula. Pew itafunsanso mu 2020 inapeza kuti opita ku sunagoge mwezi ndi mwezi ndi mmodzi pa asanu, koma amene anakhala nawo pa tebulo la Pasika ndi 62 pa 100. Apa mukuona pomwe pali mphamvu.

Ayudawo si amtundu umodzi wa nkhope kapena chiyankhulo, izinso timaiwala. Amene timawaona m'mafilimu ambiri ndi a Ashkenazi, ochokera ku Germany, Poland, Lithuania, Russia, chiyankhulo chawo chinali Yiddish, chofanana ndi Chijeremani koma cholembedwa ndi zilembo za Chiheberi. A Sephardi ndi ochokera ku Spain ndi Portugal, atathamangitsidwa ku Spain mu 1492 anakakhala ku Turkey, Greece, Morocco, akuyankhulabe Chisipanishi chawo chakale kwa zaka mazana. Kuli a ku Yemen, a ku Iran, a ku India. Morocco yokha inali ndi cha m'ma 250,000 mu 1948. Ndi a ku Ethiopia, akuda ngati ife tomwe, oposa 14,000 ananyamulidwa pa ndege m'maola 36 okha mu May 1991. Ndipo tsankho pakati pawo lilipo, tisabise, mu 1996 zinaululika kuti magazi omwe a ku Ethiopia ankapereka ku Israel ankangotayidwa mwachinsinsi, anthu anachita zionetsero zoopsa ku Yerusalemu.

Tsono kunyada kumamveka bwino ukadziwa manyazi amene anthu ankawaveka. Mu 1215 msonkhano waukulu wa mpingo ku Roma unalamula kuti Ayuda azivala mosiyana ndi Akhristu kuti azidziwika. England inawathamangitsa onse mu 1290. Ku Venice mu 1516 anawaunjika pa kachilumba, mageti kumatseka usiku. M'madera ambiri malo olima sankaloledwa kukhala nawo, ntchito zambiri zamanja ayi, anasiyiridwa malonda ang'onoang'ono ndi kubwereketsa ndalama, kenako anthu omwewo nkumati Ayuda ndi okonda ndalama, bodza lomwe mpaka pano limayendabe pa Facebook. Ku Russia mfumu Alexander II itaphedwa mu 1881 kunabuka zipolowe, kuotcha nyumba, kupha, ndipo pakati pa 1881 ndi 1924 Ayuda oposa 2 miliyoni anawoloka nyanja kupita ku America. Agogo a Ayuda ambiri a ku New York lero ndi amenewo, anafikira m'mafakitale osoka zovala.

Chitseko chitayamba kutseguka vuto linasintha nkhope. France inawapatsa unzika mu 1791, maiko ena nkumatsatira pang'onopang'ono, koma mtengo wake unali woti usamaonekere. Panali mawu otchuka nthawi imeneyo oti khala Myuda m'nyumba mwako, ukatuluka panja khala munthu ngati wina aliyense. Mlakatuli wa ku Germany Heinrich Heine anabatizidwa mu 1825 ndipo yekha ananena kuti ubatizowo unali tikiti yolowera mu chikhalidwe cha ku Ulaya. Ayuda a ku Germany pafupifupi 100,000 anamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse mbali ya Germany, 12,000 anafera komweko, ankadziona ngati Ajeremani enieni. Ku America njira inali yosintha dzina, Issur Danielovitch anasanduka Kirk Douglas, Ralph Lifshitz anasanduka Ralph Lauren, uja wa malaya a kahatchi pachifuwa. Osawaweruza msanga, nthawi imeneyo mayunivesite ngati Harvard ankachepetsa dala nambala ya Ayuda olowa, mahotela ena ankawabweza pakhomo.

Chaka cha 1897 chinatulutsa mayankho awiri otsutsana. Ku Basel, Switzerland, mtolankhani Theodor Herzl anaitanitsa msonkhano woyamba wa Zionism, gulu lofuna kuti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo. Iye anaona mmene msilikali wachiyuda Alfred Dreyfus ananamiziridwa mlandu woukira dziko ku France komweko kwa ufulu, ndipo mfundo yake inali yoti olo mutasintha bwanji sadzakulandirani, tipeze dziko lathu. Britain inafika powapatsa malo ku East Africa mu 1903, anthu amati pulani ya Uganda koma malowo ali ku Kenya, anakana mu 1905. Chaka chomwecho cha 1897 ku Vilna, Lithuania ya lero, anthu ogwira ntchito anayambitsa chipani chotchedwa Bund, iwo ankati ayi, kwathu ndi kuno komwe tikukhala, timenyere ufulu pompano limodzi ndi anzathu osauka, chiyankhulo chathu ndi Yiddish, tisathawe. Ndipo musaganize kuti anali kagulu, ku Poland m'ma 1930 Bund inkapambana mavoti a Ayuda m'mizinda ikuluikulu. Arabi ambiri achikale nawo ankakana Zionism pa zifukwa zawo, ankati kubwerera ndi ntchito ya Mesiya osati ya andale.

Mkanganowo sunathe ndi mfundo, Hitler ndi amene anapha mbali imodzi. Anthu 6 miliyoni. Poland inali ndi Ayuda 3.3 miliyoni, pafupifupi 3 miliyoni anaphedwa, nde Bund ndi dziko lonse la Yiddish zinapita nawo limodzi. Mu 1939 Ayuda analipo 16.6 miliyoni, mpaka lero nambala imeneyo sinabwerere. Nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi ija, chizindikiro cha Ayuda, a Nazi ankawakakamiza kuisokerera pa malaya, yachikasu, kuti aliyense aziwadziwa. Ndiye mtsikana wa ku London akaivala lero pa tcheni cha m'khosi, yoonekera, akudziwa bwino chimene akuchita.

Israel inabadwa mu 1948, ndipo kwa Apalestina chaka chomwecho ndi cha tsoka, oposa 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo, nkhani iwiriyi simungailekanitse. Koma kwa Ayuda a kunja chimene chinasintha kayendedwe ndi nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi ya June 1967, pakati pa Israel ndi maiko a Aluya oyandikana nayo. Masabata a m'mbuyo mwake anthu anali ndi mantha kuti kuphedwa kuja kukubwereranso, kenako Israel nkupambana msangamsanga, anthu amene ankabisa Chiyuda chawo anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo. Inalinso nthawi yomwe akuda a ku America ankanena poyera kuti kuda nkukongola, mphepo imeneyo inawomba kwa onse. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1965, katswiri wa baseball Sandy Koufax anakana kusewera gemu yoyamba ya fainolo chifukwa inagwera pa Yom Kippur, tsiku losala kudya. Sanali wopemphera kwambiri iyeyo, koma mpaka lero makolo amauza ana awo nkhani imeneyi.

Ku Soviet Union zinali zina. Mu pasipoti ya munthu munali mzere wachisanu wolembapo mtundu, Myuda ankalembedwa Myuda olo asadziwe pemphero ndi limodzi lomwe, ndipo mzere umenewo unkamutsekera sukulu ndi ntchito. Kuphunzitsa Chiheberi kunkatha kukulowetsa m'ndende. 1967 itadutsa ena anayamba kupempha kutuluka, boma kumakana, ntchito kuwachotsa. Mmodzi mwa iwo, Natan Sharansky, anakhala m'ndende zaka 9 mpaka 1986. Ayuda a ku America anaitenga nkhaniyi ngati yawo, December 1987 anthu oposa 200,000 anasonkhana ku Washington, mtsogoleri wa Soviet Union Gorbachev akubwera. Chitseko chitatseguka pafupifupi 1 miliyoni anapita ku Israel, koma ena ambiri anasankha Brooklyn, dera la ku New York, ndi Berlin. Eya, Berlin.

Gulu lina lotchedwa Chabad, la amuna a zipewa zakuda ndi ndevu aja, linatenga njira yoonetsa poyera mopanda manyazi. Mu 1974 anayatsa nyale za chikondwerero cha Hanukkah pabwalo ku Philadelphia, pofika 1979 Pulezidenti Jimmy Carter anakayatsa nawo pafupi ndi White House. Chodabwitsa, ena mwa amene anatsutsa kwambiri anali Ayuda anzawo, ankati zachipembedzo pamalo a boma zidzatibweretsera mavuto, tizipanga kunyumba. Mkangano uja wa tidzionetse mpaka pati.

Nanga Myuda ndi ndani? Lamulo la arabi limati wobadwa kwa mayi wachiyuda, kapena wolowa Chiyuda motsata ndondomeko. Kwa ife Achewa apa palibe chachilendo, mwana ndi wa kuchikazi, bambo ndi mkamwini chabe. Koma mu 1983 nthambi ya Reform, yofewetsa malamulo achikale, yomwe ndi yaikulu ku America, inati mwana wa bambo wachiyuda nayenso ndi Myuda bola aleredwe mwa Chiyuda. A Orthodox, osunga malamulo kwambiri aja, mpaka lero samavomera. Boma la Israel lili ndi muyezo wakenso, lamulo la 1950 lomwe analikulitsa mu 1970 limapereka unzika kwa aliyense amene ali ndi gogo mmodzi wachiyuda, koma ukafika kumeneko arabi a boma atha kukana kukumangitsa ukwati ati siwe Myuda. Munthu mmodzi, ku Moscow ankamutukwana kuti Myuda, ku Tel Aviv akumutcha Mrasha. Wosakhulupirira Mulungu amakhalabe Myuda, palibe amatsutsa, koma wolowa Chikhristu ambiri amati watuluka. Khoti lalikulu la Israel linagamula choncho mu 1962 pa mlandu wa Oswald Rufeisen, Myuda wa ku Poland amene anapulumutsa anzake nthawi ya Nazi kenako nkukhala wansembe wa Katolika. Ku Africa kuno funsoli limakhudza a Abayudaya a ku Uganda, omwe anayamba Chiyuda cha m'ma 1919 ndi mtsogoleri wawo Semei Kakungulu, ndi a Lemba a ku Zimbabwe ndi South Africa, ena amawalandira ena ayi.

Pew mu 2020 inafunsanso kuti chofunika kwambiri pa kukhala Myuda nchani kwa inu. Kukumbukira kuphedwa kwa 6 miliyoni kuja kunatenga 76 pa 100, kukhala moyo wachilungamo 72, kumenyera chilungamo m'dziko 59, kusamala za Israel 45, kukhala wanthabwala 34, kusunga malamulo a chipembedzo 15 yokha. Nthabwala kuposa Chilamulo cha Mose, kawiri! Koma yoyambayo imawadetsa nkhawa Ayuda ena oganiza, ndipo ine ndikuona kuti ali ndi mfundo. Ngati chimene chikukugwirizanitsani kwambiri ndi zimene adani anakuchitani, mwana wa zaka 15 mumuuza kuti akhalebe Myuda chifukwa chani, chifukwa choti anthu amatida? Sizokoka. Nchifukwa chake ndalama zambiri zimapita ku masukulu achiyuda, makampu a ana nthawi ya holide, ndi pulogalamu ya Birthright yomwe inayamba mu 1999, yotengera achinyamata ku Israel ulele masiku khumi. Kumbuyo kwa zonsezi kuli mantha a maukwati, mwa Ayuda a ku America amene anakwatira pakati pa 2010 ndi 2020, 61 pa 100 anakwatirana ndi munthu wosakhala Myuda. Akuluakulu ena ankati mtundu ukutha, koma ana ambiri a maukwati amenewa akukula akudzitchabe Ayuda, nde kulira kuja mwina kunafulumira.

Kumwera kwa Africa kuno nkhaniyi ili ndi mbali yotikhudza. Nthawi imene Kamuzu ankatsekeredwa ku Gweru mu 1959, nduna yaikulu ya Chitaganya inali Roy Welensky, bambo ake Myuda wochokera ku Lithuania, mayi ake Mbunu. Koma ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, kunali Simon Zukas, Myuda wobadwira ku Lithuania nayenso, amene atsamunda anamuthamangitsa mu 1952 chifukwa cholimbana ndi Chitaganya chomwecho, Zambia italandira ufulu anabwerera mpaka anadzakhala nduna. Ku South Africa chimodzimodzi. Ambiri mwa azungu amene anamangidwa pa nkhani ya Rivonia, mlandu wa Mandela ndi anzake, mu 1963 anali Ayuda, Denis Goldberg anakhala m'ndende zaka 22, ndipo mwa Ayuda ena olimbana ndi tsankho, Ruth First anaphedwa ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1982, Albie Sachs anaduka mkono ndi bomba la m'galimoto ku Maputo komweko mu 1988, Joe Slovo, Helen Suzman, mayina ndi ambiri. Koma loya wa boma amene ankafuna kuti Mandela amangidwe pa mlandu womwewo, Percy Yutar, analinso Myuda. Ndipo bungwe loimira Ayuda ku South Africa linakhala chete pa tsankho mpaka m'ma 1980, ena ankawaona a Slovo ngati obweretsa mavuto pamtundu. Lero mayina omwewo ndi amene amatchulidwa monyadira. Anthufe timatero, ngwazi timaikumbatira zinthu zikatha.

Pa 7 October 2023 a Hamas anapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel nkugwira ena cha m'ma 250, kenako nkhondo ya ku Gaza yapha Apalestina masauzande makumimakumi, ana ambirimbiri. Kwa Ayuda a kunja zinthu ziwiri zinachitika nthawi imodzi. Ena amene sanapondeko ku sunagoge zaka zambiri anabwerera, kugula nyenyezi ija kuvala. Ena anachotsa kabokosi ka malemba komwe amakhoma pa felemu ya chitseko, kachipewa ka pamutu kumakabisa mkati mwa kapu ya baseball. Mantha ake si ongopeka, ku Pittsburgh mu 2018 munthu analowa m'sunagoge nkupha anthu 11, ku Paris mu 2015 anayi anaphedwa m'shopu ya zakudya zachiyuda, ndipo amene anabisa ena m'chipinda chozizira anali mnyamata wachisilamu wa ku Mali, Lassana Bathily. Mu 2019 mkulu wa boma la Germany woona za chidani cha Ayuda, Felix Klein, ananena poyera kuti sangalangize Ayuda kuvala kachipewa kaja paliponse m'dzikomo. Masunagoge ambiri ku Ulaya amalondedwa ndi apolisi kapena magadi, mwana amakula akudziwa kuti popita kopemphera amadutsa pa chipata chosecha.

Koma pa za Israel yeniyeniyo agawanika, mpaka m'mabanja. November 2023 chikhamu chinasonkhana ku Washington kuikira kumbuyo Israel. Masabata angapo m'mbuyo mwake Ayuda ena, a gulu la Jewish Voice for Peace, anadzaza siteshoni ya Grand Central ku New York atavala malaya akuda akuti osati m'dzina lathu, ambiri anamangidwa. Onsewo amati akuchita zimenezo chifukwa ndi Ayuda, uyu akuti tinaphunzira kuti popanda dziko lathu tidzaphedwanso, uyu akuti tinaphunzira kuti zisadzachitikirenso munthu wina aliyense. South Africa itatengera Israel ku khoti la dziko lonse ku The Hague mu December 2023, rabi wamkulu wa ku South Africa Warren Goldstein anadzudzula boma la kwawo kwambiri, pomwe Ronnie Kasrils, nduna yakale ya ANC, Myuda nayenso, wakhala mbali ya Apalestina kwa zaka zambiri. Ambiri ali pakati, Israel amaikonda, achibale ali konko, koma Netanyahu samamufuna olo pang'ono. Nchifukwa chake kumugwira Myuda wa ku Manchester kuti ayankhe za Gaza ndi kulakwa, sanavote kumeneko, komanso mbali inayi, Akhristu amene amakweza mbendera ya Israel mu tchalitchi nkumaganiza kuti Myuda aliyense awaombera m'manja angadabwe atakumana ndi wachinyamata wa ku Brooklyn.

Kutsogoloku manambala akuonetsa kuti pakati pakuphwa. Mwa Ayuda a ku America a zaka 65 kupita m'mwamba a Orthodox ndi 3 pa 100 okha, koma mwa osakwana zaka 30 ndi 17 pa 100, chifukwa mabanja awo amabereka ana ambiri ndipo ambiri samachoka. Mu msinkhu womwewo wa osakwana 30, pafupifupi 4 pa 10 amati chipembedzo alibe koma ndi Ayuda ndithu. Masunagoge a pakatikati, a nthambi ya Conservative, amene anali odzaza m'ma 1950 ndi 1960, ndi amene akuphatikizana kapena kugulitsa nyumba zawo. Ndiye ana a mbali ziwiri zikukulazi, wina wa ku Borough Park, dera la a Orthodox ku Brooklyn, woyankhula Yiddish kunyumba ndi wina wa ku Seattle amene mayi ake ndi Mkorea, sukulu zawo nzosiyana, chakudya sangadyere mbale imodzi, mavoti amaponya kosiyana, ndipo arabi a woyambayo sangavomere nkomwe kuti wachiwiriyo ndi Myuda.